Ziboliboli zadongo za m'zaka za m'ma 1940 mpaka 1960: mafunso ndi mayankho

Kodi luso limeneli ndi lotani kwenikweni?

Tikunena za zoumba zootcha zoonetsa munthu, nyama kapena mbalame, zimene akatswiri a luso ku Ulaya, Japan ndi America anapanga kuyambira chakumapeto kwa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Ambiri mwa iwo sanali oumba miphika. Anali ojambula ndi penti kapena osema miyala. Nthawi imeneyo ku Ulaya dongo linkatengedwa ngati poyeserera chabe: katswiri ankaumba chitsanzo, kenaka chinthu chenichenicho n'kupangidwa ndi mkuwa kapena mwala. Dongo lootcha linali la mbale, matailosi ndi tizidole toika pashelefu. Anthu amenewa anatenga dongo lomwelo n'kunena kuti choumbacho ndicho ntchito yomalizidwa, ndi zidindo za zala zake zomwe.

N'chifukwa chiyani zinabuka nthawi imeneyo?

China chinali umphawi wobwera ndi nkhondo. Mkuwa ndi mwala wabwino zinali zodula, pamene dongo ndi nkhuni zinkapezeka. Fausto Melotti, malo ake ogwirira ntchito ku Milan ataphulitsidwa ndi mabomba mu 1943, anadalira zoumba kuti apeze chakudya, ndipo m'menemo ndi momwe munatuluka ziboliboli zake za akazi aatali ooneka ngati mabelu. China chinali liwiro. Mwala umafuna miyezi, koma dongo limamvera chala pompopompo, ndipo ojambula ambiri a nthawiyo ankafuna ntchito yoonetsa mmene dzanja linayendera.

Nanga Picasso anachitapo chiyani, popeza dzina lake silisowa pa nkhaniyi?

Pablo Picasso anafika ku Vallauris, tauni ya oumba kummwera kwa France, mu 1946, ndipo mu 1947 anayamba kugwira ntchito ku Madoura, malo oumbira a Suzanne ndi Georges Ramié. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti iye sankazunguza yekha gudumu loumbira. Mmisiri wina, Jules Agard, ndiye ankaumba mitsuko ndi mabotolo. Picasso ankazilandira zili zofewa, n'kufinya pakati kuti pakhale chiuno, kupinda khosi kuti likhale mutu, ndipo botolo lija linkasanduka mkazi, nkhunda kapena kadzidzi. Zina ankazilumikiza kuchokera ku zidutswa ziwiri kapena zitatu zoumbidwa padera.

Njira imeneyi ndi yanzeru kuposa mmene imaonekera. Botolo loumbidwa pagudumu limakhala kale ndi mphako ndiponso khoma lofanana paliponse, choncho mavuto awiri aakulu a chiboliboli chadongo amakhala atatha musanayambe n'komwe.

Kupatula France, ndi kuti kumene ntchitoyi inakula?

Ku Italy, makamaka m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Albisola. Ife timaona kuti kumeneku ndi kumene dongo linayesedwa molimba mtima kwambiri. Lucio Fontana ankaumba kumeneko kuyambira m'zaka za m'ma 1930, m'malo a banja la Mazzotti. Mitanda yake, ankhondo ake okwera akavalo ndi anthu ake ovina amaoneka ngati moto waunjika dongo: thupi la munthu limangotulukira pakati pa mabowo, misonga ndi gilezi wonyezimira (utoto wosungunuka pamoto n'kukhala ngati galasi). Mu 1954 Asger Jorn wa ku Denmark anasonkhanitsa anzake ku Albisola komweko, kuphatikizapo Karel Appel, Corneille ndi Enrico Baj. Mu 1959 Jorn anaumba khoma la mamita 27 m'litali ndi mamita 3 msinkhu la sukulu ya ku Aarhus, ndipo pofuna mizere ina anayendetsa njinga yamoto pa dongo lofewalo.

Leoncillo Leonardi anaumba chipilala cha mkazi womenyera ufulu chimene chinaimikidwa ku Venice mu 1957, chadongo lamitundumitundu. Chinaphulitsidwa ndi bomba mu 1961. Ku Spain, Joan Miró anayamba kugwira ntchito ndi mmisiri Josep Llorens Artigas mu 1944, ndipo mu 1958 anamaliza makoma awiri a kulikulu la UNESCO ku Paris.

Ku Japan nkhani inali ina, chifukwa kumeneko dongo linali kale ndi ulemu waukulu, koma ulemu wa chiwiya. Gulu la Sōdeisha, lokhazikitsidwa ku Kyoto mu 1948 ndi Yagi Kazuo, Suzuki Osamu, Yamada Hikaru ndi anzawo, linadzifunsa ngati mtsuko ungatsekedwe pakamwa n'kusiya kukhala mtsuko. Mu 1954 Yagi anatenga mkombero woumbidwa pagudumu, n'kuuimika chammbali, n'kuumatira timapaipi tadongo ngati miyendo ya kachilombo koyenda. Isamu Noguchi, ali ku Kita Kamakura mu 1952, anaumba anthu ndi nyama potengera ma haniwa, zoumba zamphako zimene kale zinkaimikidwa pamanda a mafumu. Ku California, Peter Voulkos anayamba kuphunzitsa kusukulu ya zaluso ya Otis mu 1954, ndipo Robert Arneson, amene anapita kukaphunzitsa kuyunivesite ya ku Davis mu 1962, anabweretsa nthabwala: taipilaita yake ya mu 1965 ili ndi zala za munthu m'malo mwa mabatani.

Zambiri zimaoneka ngati zosamalizidwa. Kodi si kulephera chabe kuumba bwino?

Ayi, ngakhale kuti otsanzira ambiri amanamizira pamenepo. Pamwamba pake mpamene pali ufulu: zala, mabala a mpeni, gilezi wochucha. Koma mkati mwake muli malamulo amene palibe anawathyola. Khoma ndi lofanana, mphako ili ndi potulukira mpweya, zolumikiza zinamatidwa bwino, ndipo chinaumitsidwa mosathamanga. Ambiri mwa akatswiriwa anali ndi mmisiri pambali pawo wodziwa dongo ndi uvuni. Chiboliboli chimene chakhala zaka 70 osasweka sichinaumbidwe mwachisawawa.

Ndikufuna kuyesa. Ndigwiritse ntchito dongo lotani?

Dongo la mtapo limene amayi amaumbira miphika ndi poyambira pabwino, bola mulikonze. Liumitseni, lisinjeni, linyikeni m'madzi masiku awiri, kenaka lisefeni ndi sefa kapena neti ya udzudzu kuti timiyala ndi mizu zitsale. Likadikha, khuthulani madzi a pamwamba n'kuliyala pansalu mpaka lifike poumbika.

Kenaka thiranimo mapale osinja. Pa ndowa zitatu za dongo, ikani ndowa imodzi ya mapale osinjidwa kufika kukula kwa shuga, ena okulirapo pang'ono. Mapale anaotchedwa kale, ndiye safota. Amachepetsa kufota kwa dongo lonse, amatsegula tinjira totulukira chinyezi, ndipo amathandiza khoma kuima osagwa. Mchenga wosefa ungagwire ntchito, koma ukachuluka umafooketsa choumba ndipo umabweretsa ming'alu pozizira.

Musanaumbe chachikulu, yesani zinthu zitatu. Pangani kachingwe konenepa ngati pensulo n'kukakulunga pachala: kakathyoka, dongolo ndi losanyumbwika mokwanira. Pangani kathabwa, lembanipo mzere wa masentimita 10, ndipo muuyezenso kakauma ndi kakapsa. Ukatsala masentimita 9, dongolo limafota ndi magawo 10 pa 100, zomwe n'zabwinobwino; ukatsika kufika pa 8.5, onjezerani mapale. Pomaliza donthezani viniga pa timiyala toyera timene mwasefa. Tikachita thovu, ndi laimu, ndipo muyenera kusefa ndi sefa yothina kwambiri.

Laimuyo amavuta chiyani?

Kamwala ka laimu kakapsa pa madigiri opitirira 800 kamasintha n'kuyamba kuyamwa chinyezi cha mumpweya. Kamatupa pang'onopang'ono, ndipo pakapita masabata kapena miyezi kamatomola kachidutswa pamwamba pa chiboliboli, n'kusiya kadzenje kokhala ndi kadontho koyera pakati. Choumba chimatuluka mu uvuni chili bwinobwino, vuto n'kudzaoneka chili kale m'nyumba mwa wogula.

Kodi chiyenera kukhala ndi mphako? Khoma likhale lonenepa bwanji?

Chilichonse chonenepa kuposa masentimita 2.5 chikhale ndi mphako. Pa chiboliboli cha masentimita 30 mpaka 50, khoma la sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka ndi lokwanira. Kufanana kwa khoma n'kofunika kuposa kupyapyala kwake. Malo opyapyala amauma ndi kufota msanga, onenepa n'kumatsalira, ndipo mng'alu umayambira pomwe awiriwo akumana: pakhosi, pamkono, pomwe mwendo walowa m'thupi.

Njira zilipo zitatu. Mungathe kumanga ndi zingwe zadongo monga poumba mtsuko, n'kumadikira kuti m'munsi mulimbe musanapitirize masentimita 10 kapena 15 ena. Mungathe kuyala mapepala adongo n'kuwapinda ngati chubu. Kapena muumbe chonse chopanda mphako, mudikire kuti chilimbe ngati sopo, muchidule ndi waya wopyapyala m'zigawo ziwiri kapena zitatu, mukombe mkati ndi supuni, kenaka n'kulumikizanso. Njira yachitatuyi ndiyo imasunga bwino liwiro la dzanja, chifukwa poumba simuganiza za khoma. Musanadule, lembani timizere todutsa pamalo odulapo kuti podzalumikiza musasokoneze.

Paliponse potsekeka pabooledwe ndi msomali, pamalo obisika monga pansi, m'khutu kapena kukhwapa. Ngati mutu ndi thupi zili ndi mphako ziwiri, boolani pakati pake kuti zilumikizane.

Ndingaikemo waya kapena chitsulo kuti chiime?

Pouma ndi pootcha, ayi. Dongo limafota, chitsulo sichifota, ndiye dongo limang'ambika motsata wayayo. Ngati mukufuna chochirikiza poumba, imikani ndodo yokulungidwa ndi nyuzipepala yambiri, ndipo muisolole dongo likangoyamba kulimba. Nyuzipepala yotsalira imanyeka mu uvuni. Mikono yotambasuka ichirikizidwe ndi mizati ya dongo lomwelo, imene imafota limodzi ndi chiboliboli ndipo imalowa nacho mu uvuni. Ikani kapepala pakati kuti zisamatirane.

Zolumikiza zanga zimangothothoka. Ndikulakwitsa pati?

Kawirikawiri ndi chifukwa cholumikiza chonyowa ndi chouma. Zidutswa ziwirizo zikhale ndi chinyezi chofanana. Kandani mbali zonse ziwiri ndi foloko mozama, pakani phala la dongo lomwelo lolimba ngati phala la mwana, finyani mpaka phalalo litulukire m'mbali, ndipo mutsekere msokowo ndi kachingwe kofewa, mkati ndi kunja ngati dzanja likufika. Kenaka chikulungeni m'pulasitiki tsiku lathunthu kuti chinyezi chiyenderane. Kungonyowetsa ndi madzi n'kumata kumanyenga: kumagwira lero, n'kudzatayana pamoto.

Chiume masiku angati?

Cha khoma la sentimita imodzi ndi theka chimafuna masabata awiri kapena atatu. Chachikulu, mwezi kapena kupitirira. Sabata yoyamba chikhale chofunditsidwa ndi pulasitiki momasuka, pamthunzi, kopanda mphepo. Zala, makutu ndi milomo ya mbalame zimauma msanga, choncho zikulungeni pazokha. Chiikeni pa timitengo kapena pa nyuzipepala kuti pansi pazipita mpweya ndiponso kuti chizitha kusuntha pofota. Miyendo ikakakamira pathabwa, thupi limafota miyendo osatsatira, ndipo mng'alu umabwera pakati pa miyendo. M'nyengo yotentha ya Okutobala vuto ndi kuuma mothamanga, pamene m'dzinja vuto ndi kuganiza kuti chauma chisanaume. Chigunditseni patsaya: chikamveka chozizira, mudakali madzi.

N'chifukwa chiyani zoumba zimaphulika mu uvuni?

Ambiri amati ndi mpweya wotsekeredwa, koma wolakwa weniweni ndi madzi. Pa madigiri 100 madzi amasanduka nthunzi, imene imafuna malo ochuluka kwambiri kuposa madziwo. Ikasowa potulukira msanga, imaswa khoma, ndipo zidutswa zake zimaononganso zoumba zoyandikana nazo. Mankhwala ake ndi kutenthetsa uvuni pa madigiri 80 mpaka 90 kwa maola 8 kapena 12, chitseko kapena kabowo kali kotsegula pang'ono. Ikani galasi pakabowopo: likachita nkhungu, musakweze moto.

Nanga moto ukwere motani?

Chinyezi chikatha, kwezani madigiri 50 mpaka 60 pa ola mpaka mufike pa 600. Pali zifukwa ziwiri. Pakati pa 450 ndi 600 madzi omangika m'kati mwa dongo lenilenilo amachoka, ndipo kuyambira pamenepo silingasungunukenso m'madzi. Pa madigiri 573 timchenga ta m'dongo timatupa mwadzidzidzi, ndipo pozizira timabwerera pa mlingo womwewo. Mbali ina ya chiboliboli ikadutsa pamenepa ina isanafike, chimang'ambika. Kupitirira 600 mungakweze madigiri 100 pa ola mpaka 950 kapena 1000, mpweya ukulowa bwino kuti zinyalala za m'dongo zinyeke. Zikapanda kunyeka, mkati mwa khoma mumada ndipo choumbacho chimakhala chofooka.

Pozizira musatsegule mpaka uvuni itatsika pansi pa madigiri 100. Mng'alu wa pozizira umadziwika: ndi wowongoka, wakuthwa, wopyapyala ngati tsitsi. Wa pouma kapena pokwera moto umakhala wokhakhala ndi wotseguka.

Dongo lofiira lokumba lisapitirire madigiri 1100 musanaliyese, chifukwa lambiri limayamba kupindika, kutupa kapena kusungunuka. Dongo lolimba ngati mwala, lofuna madigiri 1200 mpaka 1300, ndi la mtundu wina.

Ndilibe uvuni. Ndingaotche ngati mmene amaotchera miphika?

N'zotheka, ndipo pa zoumba zofuna kuoneka zakale ngati za Noguchi zotsatira zake zimakongola. Moto wapoyera umafika madigiri 600 mpaka 900, koma umakwera m'mphindi zochepa, choncho khoma lisapitirire sentimita imodzi ndipo mapale akhale gawo limodzi pa atatu. Wambani chiboliboli pafupi ndi moto kwa maola awiri kapena atatu, mukuchitembenuza, mpaka chitenthe kosagwirika. Chifunditseni ndi mapale akuluakulu kuti malawi asachigunde mwachindunji, kenaka unjikani makungwa, zitsononkho kapena ndowe zouma. Mukafuna chakuda, chikwirireni chidakali chamoto mu utuchi kapena mankhusu a mpunga. Gilezi sangapse pamoto wotere, ndipo choumbacho chimakhala chosachedwa kusweka.

Amene akufuna kuona kutalika kumene njira ya oumba miphika ingafike ayang'ane ntchito za Reinata Sadimba wa ku Mozambique, wobadwa mu 1945 kudera la Mueda, amene anaphunzira kuumba ziwiya asanayambe kuumba anthu.

Mitundu yowala ija ankaipeza bwanji?

Njira yosavuta ndi phala la dongo lamtundu, lopakidwa choumba chikadali cholimba ngati sopo. Phala la katondo wosefa limapereka kufiira, la dongo loyera limapereka poyambira kujambula, ndipo mukakanda ndi msomali mtundu wa pansi umaonekera. Picasso ankachita zimenezi kwambiri, ndipo malo ena ankawasiya opanda gilezi dala.

Njira ya ku Italy ndi kuotcha kawiri. Choumba chikapsa koyamba chimamizidwa mu gilezi woyera, amene kuyera kwake kumachokera ku chitsulo chotchedwa tini, pafupifupi magawo 8 mpaka 10 pa 100. Pa gilezi wosapsayo mpamene amajambula ndi ufa wa zitsulo: kobati amapereka buluu, kopa kubiriwira, chitsulo chikasu chodera kapena bulauni, manganizi bulauni wopita kofiirira. Kobati ndi waukali, theka la gawo limodzi pa 100 limaoneka kale, pamene kopa amafuna magawo 2 kapena 3. Gilezi wosapsa amayamwa ngati choko, ndiye burashi ikadutsa yadutsa, palibe kufufuta. N'chifukwa chake ojambula a dzanja lofulumira anaikonda njirayi. Pansi pa chiboliboli pasakhale gilezi, apo ayi chimamatirira pa shelefu ya uvuni.

Gilezi wanga wang'ambika, wina wakhwinyata. Chachitika n'chiyani?

Timing'alu tokhala ngati ukonde timatanthauza kuti gilezi anafota kuposa dongo pozizira. Pa chiboliboli si mlandu waukulu, ena amakuchita dala. Choopsa ndi chosemphana nacho, pamene dongo lafota kwambiri gilezi n'kumathothoka m'mphepete ngati mamba akuthwa. Kukhwinyata, kosiya malo opanda gilezi, kumabwera ndi fumbi, mafuta a m'manja kapena kupaka konenepa. Pukutani choumba ndi siponji yonyowa musanapake, ndipo gilezi asanenepe kuposa milimita imodzi. Timabowo tonga ta singano timasonyeza kuti kuotcha koyamba kunathamanga, ndipo mpweya unkatulukabe gilezi atasungunuka kale.

Nanga chachikulu kuposa uvuni yanga?

Chimangidwe chathunthu, kenaka chidulidwe m'zigawo dongo likalimba, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi mlomo wamkati wolowa m'chinzake. Dulani motsata mpindiro wa chovala kapena mfundo ya thupi kuti msoko usaonekere, kapena muuonetse poyera monga ankachitira Viola Frey wa ku America pa anthu ake otalika mamita atatu, m'zaka zotsatira. Zigawo zonse zipse pa mlingo umodzi, chifukwa chimene chapsa kwambiri chimafotanso kwambiri ndipo sichikwananso. Thirani mapale osinja pa shelefu kuti chigawo cholemera chizitsetsereka pofota. Chitsulo chimalowa pomaliza, zonse zitapsa: paipi pakati, mabawuti, ndi guluu wa epokisi.

Pali zoopsa zotani pa ntchitoyi?

Fumbi la dongo louma ndi la mapale limaononga mapapo pang'onopang'ono ndipo silichoka. Kolopani m'malo mosesa, sinjani mapale panja mutavala chotchinga chenicheni cha fumbi, ndipo musapale choumba chouma ndi sandipepa m'nyumba. Magilezi ambiri owala a m'zaka zimenezo anali ndi mtovu. Musaugwiritse ntchito, ndipo mbale kapena mtsuko wakale wa mtundu umenewu usaikidwemo chakudya. Ufa wa manganizi ndi utsi wake nawonso ndi poizoni, choncho uvuni ikhale pamalo opita mphepo.

Ndaona choumba cholembedwa dzina la Picasso pamtengo wotsika. Kodi n'chenicheni?

Zoumba za ku Madoura zili m'magulu awiri. Pali zimene Picasso anagwira ndi manja ake, chilichonse chopanda chinzake chofanana nacho, ndipo pali zimene amisiri a kumeneko anachulukitsa ndi chilolezo chake, mitundu yoposa 600 pakati pa 1947 ndi 1971. Za gulu lachiwirili ndi zovomerezeka, ndipo pansi pake pamakhala zidindo monga "Madoura Plein Feu", "Edition Picasso" kapena "Empreinte originale de Picasso", zina ndi nambala yake. Chidindo chokha si umboni, chifukwa akuba luso amachikopera. Funsani mbiri ya eni ake akale, yerekezani kukula ndi mitundu ndi zolembedwa za mtundu umenewo, ndipo muyang'ane ngati chinakonzedwapo: chikagogodedwa pang'ono ndi chikhadabo, chathunthu chimalira, chomatidwa chimamveka chogontha. Malo opentedwa pobisa msoko amaoneka mosiyana mukawaunika ndi tochi ya kuwala kwapadera kotchedwa UV m'chipinda chamdima.